Kodi tintchentche ta pa nthochi timagona? Nanga ife a naiti tulo timatithawa chifukwa chiyani?

Mayi a Tawonga: Mwaswera bwanji a pagulu. Funso langa mwina ndi lopepera koma ndifunsabe, paja safunsa anadya phula. Ine ndimagulitsa nthochi ku Zigwagwa, ndimapikula kwa anthu ochokera ku Nkhata Bay. Nthochi zikayamba mawanga akuda pamabwera tintchentche tating'ono tija, ta maso ofiira. M'mawa ndikamayala malonda timakhala piringupiringu, ukangonyamula phava limodzi tonse tili m'maso. Dzuwa likafika paliwombo timakhala phee kunsi kwa phava, ngakhale ugogode benchi timangodumpha pang'ono n'kuteranso. Cha m'ma 5 madzulo timayambiranso chipwirikiti. Mwana wanga wa Fomu 3 akuti masanawo timakhala tikugona. Ine ndamuseka. Ntchentche n'kugona? Ndi zikope zomwe ilibe.

Tomasi Wokayika: Mayi, timabisala dzuwa basi. Inunso masana mumakhala pansi pa ambulera, kodi mumakhala mukugona?

Mayi a Tawonga: Tsiku lina ndimasinza ndithu achimwene, malonda akavuta.

Aphunzitsi a Bayo: Mwanayo mumupepese mayi, wanena zoona. Timagona. Ndipo a Tomasi nanunso simunaphonye kwenikweni, chifukwa kukatentha tulo ta masanato timatalika, makamaka kwa tamphongo. Dzina lake la sayansi ndi Drosophila melanogaster. Mawu oti Drosophila amatanthauza wokonda mame. Kanthu kameneka kakhala kakuwetedwa m'mabotolo m'malabu kwa zaka zoposa 100, kuyambira nthawi ya Thomas Hunt Morgan ku Columbia University, yemwe mu 1910 anapeza kamphongo ka maso oyera pakati pa tinzake ta maso ofiira. Amakakonda chifukwa sikavuta kudyetsa, ndipo kuchokera pa dzira kufika pa kantchentche kouluka pamatenga masiku pafupifupi 10. Pa chaka chimodzi umaona mibadwo yambirimbiri.

Za tulozi zinatsimikizika mu 2000. Magulu awiri a ku America, lina la Joan Hendricks ndi Amita Sehgal ku Pennsylvania, lina la Paul Shaw ndi anzake ku San Diego, anafufuza payekhapayekha n'kupeza zofanana. Kantchentche kakakhala duu kwa mphindi 5 kapena kuposerapo, kamavuta kudzidzimutsa, pamafunika kugwedeza mwamphamvu kuti kasunthe. Ukakasowetsa mtendere usiku wonse, mawa lake kamagona mowonjezera kubweza tulo tija. Ukakapatsa caffeine, chinthu chija chili mu khofi, kamachezera. Tikamakalamba tulo take timakhala todukizadukiza ngati ta agogo athu.

Agogo a Mlonda ku Luwinga: Apo pa agogo mwandilasa aphunzitsi.

Tomasi Wokayika: Ndiye munthu ndi digiri yake ankakhala ndi wotchi m'manja kuwerenga mphindi za ntchentche? Azungu ali ndi nthawi yotaya.

Wa ku Mzuni: Sawerenga pamanja madala. Kantchentche kamodzi amakaika m'kachubu kagalasi kochepa ngati chikopa cha bolopeni, uku chakudya uku thonje. Pakati pa kachubuko pamadutsa kuwala kosaoneka ndi maso. Kakayenda n'kudula kuwalako kompyuta imalemba. Machubu amakhala ambirimbiri, kwa masiku angapo, ndiye pamapeto pake umaona chithunzi cha nthawi imene timayenda ndi imene timagona. Chithunzicho chimatuluka ndi nsonga ziwiri, ya m'bandakucha ndi ya chisisira, pakati pali chigwa. Ndendende zimene amayi aona pa benchi lawo popanda kompyuta.

Mayi a Tawonga: Ndiye kuti ndine wasayansi osadziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mlimi wa ku Mpamba: Monire mose. Ine funso langa ndi lina. Tizilombo timeneti ndi timene tikundithera mango? Chaka chatha ukadula bango looneka bwinobwino kunja, mkati muli mphutsi zokhazokha.

Aphunzitsi a Bayo: Ayi adada, amenewo ndi adani ena. Yoboola mango ali pamtengo ndi ntchentche yokulirapo, ya mizere yachikasu, ya mtundu wa Bactrocera, yomwe inachokera ku Asia ndipo kuno ku Africa inayamba kuoneka ku Kenya mu 2003. Ka pa nthochi aka sikatha kuboola khungu la chipatso chabwino. Kamadikira chipatso chisweke kapena chiyambe kusasa, chifukwa chimene kamafuna ndi yisiti. N'chifukwa chake timadzadzanso pamene akuphika kachasu ndi pa matsukwi a masese.

Mlimi wa ku Mpamba: Yewo. Ndiye taleka kutinamizira.

Nesi wa pa Naiti: Ndimawerenga mwakachetechete koma apa ndilowererepo, chifukwa nkhani ya tuloyi yandikwana. Sabata ino ndili pa naiti. Cha m'ma 3 kapena 4 koloko m'bandakucha maso amalemera moti polemba lipoti mzere umapita chokhota, ndimachita kuimirira kuti ndisagwe pa tebulo. Ndimangolakalaka bedi. Koma ndikaweruka, kukwera kabaza, kufika ku Chibavi cha m'ma 8, kusamba, kugona pabedi paja, tulo balala. Ndikagona ndi maola atatu basi, 12 koloko ndadzuka, mutu uli waa. Munthu wachezera usiku wonse, thupi latopa, nanga tulo tikukana chifukwa chiyani? Ngati tintchentche tanu tili ndi yankho, ndiuzeni.

Agogo a Mlonda ku Luwinga: Mwana wanga, zimenezo ine ndakhala nazo kuyambira musanabadwe ena a inu. Mwezi wa June kuno ku Mzuzu mukudziwa nokha mmene kumazizirira, kamvula kowaza kaja kosaleka. Ndimakhala ndi mbaula pakati pa miyendo, chikhoti, chipewa cha ubweya. Mpaka 1 koloko ndimakhala bwinobwino, wailesi ili pakhutu. Ikamakwana 4 kuzizira kumalowa m'mafupa ngakhale makala akuyaka, mutu umangogwa wokha. Tambala akalira kachiwiri, kum'mawa kukayamba kuyera, ndimangoona mphamvu zabwerera ngati ndamwa tiyi, chikhalirecho sindinagone. Ndinkayesa ndi ukalamba.

Aphunzitsi a Bayo: Si ukalamba agogo. Inu ndi a Nesi mwafotokoza chinthu chimene tintchentcheti tathandiza kwambiri kuchimvetsa. M'thupi muli zinthu ziwiri zosiyana zimene zimalamulira tulo, ndipo sizimvana nthawi zonse. China ndi wotchi, imene imanena kuti ino ndi nthawi yanji. China ndi ngongole, imene imawerenga kuti mwakhala maso maola angati. Pa 4 koloko m'bandakucha ziwirizi zimagwirizana: ngongole yachuluka, wotchi nayo ikuti ndi pakati pa nthawi yogona, ndiponso ndi pamene kutentha kwa thupi la munthu kumatsikitsitsa, n'chifukwa chake mbaula imaoneka ngati yazima. Pa 8 koloko m'mawa zimakangana. Ngongole ikuti gona, wotchi ikuti kwacha, dzuka. A Nesi mumagona maola atatu aja chifukwa ngongole yapambana kwakanthawi, ikangochepako wotchi imakudzutsani.

Ndiyambe ndi wotchi. Mu 1971 ku Caltech, wophunzira wina dzina lake Ronald Konopka, pamodzi ndi mphunzitsi wake Seymour Benzer, anadyetsa tintchentche mankhwala osokoneza majini, n'kuyamba kufufuza ana ake. Mwachibadwa timatuluka m'chikwa m'mamawa. Iye anafuna timene tikuphonya nthawi. Anapeza mitundu itatu. Wina tsiku lake linali la maola 19, wina la maola 28, wina unalibiretu ndondomeko, kugona ndi kudzuka chisawawa. Chodabwitsa chinali chakuti mitundu itatu yonseyi vuto lake linali pa jini imodzi. Anaitcha period.

Mayi a Tawonga: Imani kaye aphunzitsi. Majini? Ntchentche zili ndi majini?

Tomasi Wokayika: Ndinadziwa kuti nkhaniyi ithera kwa asing'anga.

Aphunzitsi a Bayo: Hahaha, ayi mayi, si majini ovutitsa anthu aja. M'kalasi ana amasekanso chimodzimodzi chaka chilichonse. Ndikunena timalangizo ta chibadwa tokhala m'selo iliyonse (maselo ndi tizipinda tating'onoting'ono topanga thupi), timene mwana amatengera kwa makolo, monga mphuno ya bambo ake kapena mpata wa m'mano wa amayi ake.

Mu 1984 Jeffrey Hall ndi Michael Rosbash ku Brandeis University, komanso Michael Young ku Rockefeller University, anaipatula jini ya period ija n'kuyamba kuona ntchito yake. Imapangitsa puloteni yotchedwa PER. Tiyerekeze ndi mayi wophika mandasi. Amayamba kukazinga chakumadzulo, mandasi akuwunjikana m'dengu usiku wonse. Dengu likadzadza, mandasi omwewo amapita kukazimitsa moto. Kukacha mandasi amatha pang'onopang'ono, dengu likakhala lopanda kanthu palibenso woletsa, mayi uja amakolezanso moto. Kuzungulira kumodzi kumatenga pafupifupi maola 24. Palibe amene akuimba belu kuchokera kunja. Ukatsekera tintchentche mumdima wa ndiweyani kwa sabata yathunthu timadzukabe ndi kugona pa nthawi yake. Atatu amenewa analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Wa ku Mzuni: Aphunzitsi, ndiwonjezereko pang'ono, chifukwa fanizo la mandasi likubisa chinthu chimodzi. Mandasi akanati azizimitsa moto nthawi yomweyo akangophikidwa, wotchi sikanakhalapo, zinthu zikanangoima pakatikati. Chinsinsi ndi kuchedwa. PER payokha siilowa mkatikati mwa selo mmene muli majini. Imadikira mnzake wotchedwa TIM, wochokera ku jini ya timeless imene labu ya Young inaipeza mu 1994. Palinso ina yotchedwa doubletime imene imaika chizindikiro pa PER kuti iphwanyidwe, motero imachedwetsa kudzadza kwa dengu. Kuchedwa konseku ndi kumene kumatambasula kuzungulira kuja kufika pa tsiku lathunthu. Okoleza motowo ndi mapuloteni ena awiri, CLOCK ndi CYCLE, ndiwo amene PER amakawagwira manja.

Aphunzitsi a Bayo: Wakonza bwino mwanawe. Ukamaliza sukulu ubwere udzandilandire choko.

Tomasi Wokayika: Chabwino. Ngati wotchiyo imayenda yokha mumdima, dzuwa ntchito yake n'chiyani?

Wa ku Mzuni: Kukonza nthawi madala. Wotchi ya m'thupi siyenda maola 24 enieni. Ya munthu imapitirirako pang'ono, pafupifupi maola 24 ndi mphindi 10 kapena kuposerapo pang'ono. Ikasiyidwa yokha imanka ichedwa tsiku ndi tsiku ngati wotchi ya pakhoma ya batire lotha. Kuwala kwa m'mawa kumaibwezera pamalo pake. Mwa kantchentche muli puloteni yotchedwa cryptochrome imene imamva kuwala kobiriwira ngati thambo. Kuwala kukaigunda imakagwira TIM kuti iphwanyidwe, TIM ikatha PER nayo imatha. Ndipo kuwalako kumalowa kudzera pa chigoba cha mutu mpaka m'maselo a ubongo, osadalira maso okha. Ukasiya getsi loyaka usana ndi usiku osazimitsa, tintchentche timasokonekera, ndondomeko yonse imatha. Mdima wosatha timaupirira, kuwala kosatha ndiye ayi.

Nesi wa pa Naiti: Kuwala kosatha ndiye moyo wa mu wodi umenewo.

Mayi a Tawonga: Ubongo wake ungakhale waukulu bwanji poti mutu wake weniweniwo sufika ndi pa njere ya mawere?

Wa ku Mzuni: Ndi waung'ono zedi amayi, koma mu 2024 gulu lotchedwa FlyWire linatulutsa mapu a ubongo wonse wa kantchentche kakakazi kamodzi: maselo a mitsempha oposa 139,000 ndi malo olumikizirana oposa 50 miliyoni. Pa maselo onsewo, amene ali wotchi yaikulu ndi ochepa chabe. Ndipo agawana ntchito. Mu 2004 magulu awiri, lina la Rosbash lina la François Rouyer ku France, anaonetsa kuti pali maselo a m'mawa ndi maselo a madzulo. A m'mawawo amatulutsa kauthenga kotchedwa PDF.

Tomasi Wokayika: PDF yomwe timatumizirana pa WhatsApp?

Wa ku Mzuni: Dzina lokha madala. Iyi ndi timadzi timene maselo a m'mawa amatumizira anzawo kuti onse ayendere nthawi imodzi. Kantchentche kabwinobwino kamayamba kutakataka getsi lisanayake, kamadziwiratu kuti kukucha. Kopanda PDF sikadziwiratu, kamachita kudzidzimuka ndi kuwala, ndipo chipwirikiti chake cha madzulo chimabwera mofulumira. Ndiye zimene amayi amaona m'mawa ndi zimene amaona m'ma 5 madzulo zikuchokera ku timagulu tiwiri tosiyana ta maselo.

Agogo a Mlonda ku Luwinga: Ngati alonda awiri osinthana pa geti limodzi.

Tomasi Wokayika: Zonsezi zamveka, koma ine si ntchentche. A Nesi afunsa za munthu. Anthu atatu aja anagawana 9 miliyoni ya ndalama za ku Sweden chifukwa cha tizilombo timene Mayi a Tawonga amathamangitsa ndi kansalu. Ife tapindulapo chiyani?

Aphunzitsi a Bayo: Funso labwino, ngakhale mwalifunsa mwaukali. Majini omwewo tili nawo. Munthu ali ndi period zitatu, ali ndi Clock, ali ndi cryptochrome. Ena mwa mayinawa anachokera ku ntchentche chifukwa kumeneko n'kumene anayamba kuonekera. Mu 2001 ofufuza a ku Utah anapeza banja lina limene anthu ake ambiri amagwidwa tulo kukangoda, n'kudzuka usiku kusanache, mibadwo ndi mibadwo. Atafufuza anapeza kuti jini yawo ya PER2 inasintha pa kamalo kamodzi, pamene pamagwira puloteni yofanana ndi doubletime ija. Pakanapanda ntchentche sakanadziwa poyang'ana. Wotchi yaikulu ya munthu ili mkati mwa ubongo pamwamba pa mphambano ya mitsempha ya maso, ndi kagulu kakang'ono ka maselo. Kusiyana kwake n'kwakuti ifeyo kuwala kumatifikira kudzera m'maso basi, chigaza chathu n'chochindikala.

Tomasi Wokayika: Cha ena n'chochindikala koposa.

A Admin: A Tomasi, tisayambane.

Nesi wa pa Naiti: Wotchi ndaimva. Nanga ngongole ija? Imalembedwa pati?

Wa ku Mzuni: Apa ndiye pamene pakutentha masiku ano asisi. Mu ubongo wa kantchentche muli malo ooneka ngati chikupizo, ndipo pamwamba pake pamafika maselo ochepa chabe. Labu ya Gero Miesenböck ku Oxford yakhala ikuwafufuza kwa zaka zambiri. Maselowa akamathetheka kantchentche kamagona, akakhala chete kamakhala maso. Dopamine, timadzi tina totumiza uthenga mu ubongo, imawazimitsa. Funso linali lakuti amadziwa bwanji kuti kantchentche kakhala maso nthawi yaitali. Zimene anapeza, mu 2019 ndi pambuyo pake, zikuloza ku mitochondria, timbaula ta m'selo timene timawotcha chakudya kuti pakhale mphamvu. Kantchentche kakakhala maso, timbaula ta m'maselo amenewa timatayikira zinthu zowononga, tinene utsi. Utsiwo umasintha kachipata kena ka pa khungu la selo kotchedwa Shaker, ndipo ukachuluka selo imayamba kuthetheka, tulo n'kubwera. Kunena kwina, ngongole imalembedwa ndi mwaye wa moto umene wakhala ukuyaka.

Shaker yomweyo inadziwika kale mu 2005 pamene Chiara Cirelli ndi Giulio Tononi ku Wisconsin anapeza tintchentche togona pang'ono kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a tulo ta tinzake. Vuto linali pa jini ya Shaker. Sitinkakhalitsa ndi moyo ngati tinzake.

Koma ndisakunamizeni kuti nkhani yatha. Ofufuza ena akuti pa maselo amene ankayesedwawo panalowerera ena a m'chifuwa, kunja kwa ubongo, ndipo mwina zina mwa mphamvu zogonetsazo ndi za amenewo. Palinso maselo ena opanga mphete pafupi pomwepo amene nawo akuoneka kuti amasunga ngongole. Akukanganabe.

Aphunzitsi a Bayo: Kwa munthu chimodzi mwa zolembera ngongole ndi adenosine, imene imawunjikana mu ubongo tikakhala maso. Khofi sachotsa adenosine, amangotseka pamene imakagwira. Zili ngati kuzimitsa foni kuti wa katapira asakupezeni. Chiwongoladzanja chikukwerabe.

Nesi wa pa Naiti: Ine ndimamwa makapu awiri a khofi wathu wa Mzuzu yemweyu cha m'ma 4 kuti ndimalize shifiti.

Aphunzitsi a Bayo: Ndiye mwadzitchera nokha msampha asisi. Theka la caffeine limakhala likadali m'magazi patatha maola pafupifupi 5. Wa 4 koloko uja pa 9 akadali nanu pabedi. Imwani kumayambiriro kwa shifiti. Chachiwiri ndi ulendo wa pa kabaza uja: dzuwa la m'mawa likulowa m'maso, wotchi ikulandira uthenga woti kwacha. Magalasi akuda amathandizako. Kuchipinda tchingani zenera ndi bulangete lochindikala, foni ikhale patali. Sindikunena kuti mudzagona maola 8, chifukwa sabata imodzi ya naiti siikwanira kutembenuza wotchi, ndipo ikamayamba kusuntha mwabwereranso ku shifiti ya masana. Mukatha kuba tulo ta ola limodzi madzulo musananyamuke, ngongole ya m'bandakucha imachepako.

Nesi wa pa Naiti: Bulangete ndiyesa. Koma ana a aneba ndi chigayo cha kuseri kwa nyumba, zimenezo ntchentche zanu sizingandithandize.

Dalaivala wa Lilongwe-Mzuzu: Nkhani ya 4 kolokoyi ndi yoona. Ndinkayendetsa basi ya usiku pa kampani ina, sinditchula. Tsiku lina tikudutsa Chikangawa, nkhungu ili tolo, ndinangozindikira matayala akulira pa miyala ya m'mbali mwa msewu. Sindikumbuka kuti ndinatseka maso. Kondakitala ndiye anakuwa. Ndinaimika basi, ndinatsika, ndinasamba kumaso ndi madzi a m'botolo, manja akunjenjemera. Kuyambira pamenepo tulo sindilimbana nato, ndikamva kuti tabwera ndimaima ngakhale apasenjala adandaule.

Agogo a Mlonda ku Luwinga: Mwachita bwino mwana wanga. Ine ndikasinza chimabedwa ndi chitsulo, inu mukasinza ndi maliro.

Tomasi Wokayika: Kodi munthu kapena ntchentche ingafe chifukwa chosagona?

Wa ku Mzuni: Apanso pali mkangano. Mu 2020 labu ya Dragana Rogulja ku Harvard inapeza kuti tintchentche tolandidwa tulo kotheratu timafa msanga, ndipo chodabwitsa n'chakuti utsi wowononga uja unawunjikana m'matumbo, osati mu ubongo. Atatipatsa mankhwala ochotsa utsi uja tinakhala ndi moyo wautali ngati tinzake ngakhale tinali tisakugona. Koma chaka cha 2019 labu ya Giorgio Gilestro ku Imperial College ku London inali itaonetsa zina: makina awo ankazunguza kachubu nthawi iliyonse kantchentche kakayamba kusinza, moyo wake wonse, ndipo tambiri sitinafe msanga. Njira zolandira tulozo zinali zosiyana, mwina pagona nkhani m'pamenepo.

Mphwa wa ku Rumphi: Ndafika mochedwa. Kwathu kufupi ndi Vwaza ntchentche ya tulo timaidziwa ndi ina, kashembe, yobweretsa kaodzera. Malume anga anadwalapo. Anthu amaganiza kuti wodwala amangogona osadzuka, koma iwo masana ankasinza ali pakati polankhula, usiku n'kumayendayenda m'nyumba. Zikugwirizana ndi wotchi mukunenayi?

Wa ku Mzuni: Zikugwirizana kwambiri achimwene. Mu 2018 Filipa Rijo-Ferreira ndi anzake anaonetsa pa mbewa za mu labu kuti tizilombo ta kaodzera timafupikitsa tsiku la wotchi ya m'thupi. Matendawa amasokoneza nthawi ya tulo koposa kuchuluka kwake, monga mwafotokozera za malume anu. Ndipo mmodzi mwa amene anagwira nawo ntchitoyo ndi Joseph Takahashi, yemwe anapeza jini ya Clock mwa mbewa. Udzudzu wa malungo nawo uli ndi majini a wotchi omwewa, kuluma kwake kwa usiku si mwangozi.

Mayi a Tawonga: Koma tintchentche timeneti anatitenga kuti azunguwo? Kwawo kuli nthochi?

Aphunzitsi a Bayo: Apa ndiye mudabwa mayi. Kwawo kwenikweni kwa Drosophila melanogaster ndi kuno kwathu, chigawo chino cha Africa. Ofufuza majini amapeza kuti ta ku Zambia ndi Zimbabwe ndi timene tili ndi mitundumitundu yochuluka, chizindikiro chakuti ndiko kuchimake. Mu 2018 gulu la Marcus Stensmyr la ku Lund ku Sweden linatipeza m'nkhalango za Matobo ku Zimbabwe, kutali ndi midzi, tikukhalira zipatso za mfula. Tinatsatira anthu, kenako n'kufalikira dziko lonse. Ndiye ta pa benchi lanuto ndi eni nthaka, ta ku Oxford ndi ta m'matchona.

Tomasi Wokayika: Nato tinapita kunja kukafuna maganyu, n'kukawinitsa ena Nobel. Kumudzi osatumiza kanthu.

Mlimi wa ku Mpamba: A Tomasi mwandiseketsa mpaka ana andifunsa.

Aphunzitsi a Bayo: Mayi a Tawonga, mukafuna kudzionera nokha, tengani botolo loonekera mkati, ikanimo khoko la nthochi yakupsa, lisiyeni potseguka mpaka tilowemo, kenako tsekani kukamwa ndi kansalu ndi labala. Usiku mukaunike ndi tochi yophimba ndi pepala lofiira la pulasitiki, chifukwa kuwala kofiira sitikuona bwino. Mugogode pang'ono ndi chikhadabo, muone ngati tisunthe. Mawa lake m'mawa mugogodenso chimodzimodzi.

Mayi a Tawonga: Ndiyesa lero lomwe. Tawonga ndiye akondwa, wandipambana.

Nesi wa pa Naiti: Ndabweranso patatha masiku awiri. Bulangete pazenera, khofi womaliza 12 koloko usiku, magalasi akuda pa kabaza ngakhale wa kabazayo amandiyang'ana ngati ndalira usiku wonse. Dzulo ndagona kuyambira 9 mpaka 1 koloko ndi theka. Si zambiri koma ndi ola ndi theka loposa kale. Chigayo chikadalipo.

Agogo a Mlonda ku Luwinga: Magalasiwo ine ayi, anthu a ku Luwinga anganene kuti agogo ayamba uchinyamata.

Mayi a Tawonga: Nane lipoti langa nali. Tinagwira tokwana ngati 12 m'botolo la mafuta ophikira. Cha m'ma 11 usiku ine ndi Tawonga tinaunika ndi tochi yokulunga m'jumbo yofiira. Tonse tinali titamata m'mbali mwa botolo, osasuntha ndi mwendo womwe. Ndinagogoda ndi chikhadabo, zii. Ndinagogodanso, kamodzi kokha kanayenda pang'ono n'kuimanso. Tawonga atagwedeza botolo ndiye tonse balalabalala. M'mawa cha m'ma 5 ndi theka, kunja kusanayere bwino, ndinapeza tayamba kale kuyendayenda, ndipo kungoyandikitsa chala tinkauluka. Ndimafuna ndione usiku wachiwiri koma botolo kulibe. Bambo a Tawonga analipeza kuseri kwa kabati, botolo la ntchentche lomanga kansalu kukamwa, pambali pake jumbo yofiira, ndipo anamva mwana akunena za majini. Analitaya kudzala, ndipo mpaka pano akundiyang'ana m'mbali. Aphunzitsi, Loweruka mudutse ku Zigwagwa mudzawafotokozere nokha, phava limodzi ndikusungirani.